Konkire Isanaume

Anzawo akuntchito ndi amene anabwera kudzawaka manda a bambo. Anabweretsa mapanelo apulasitiki othiramo konkire, omwe aja bambo ankamanga ndi kumasula tsiku ndi tsiku. Limodzi linali long'aluka pakona, ndipo ine ndinkangoyang'ana pamenepo, misozi osabwera.

Atathira n'kusalaza pamwamba, kapitawo wawo anandipatsa msomali.

"Mwana wasukulu, lemba dzina. Fulumira, ikauma ndiye basi."

Ndinagwada. Dzina lawo ndinkalidziwa bwinobwino, koma ndinangoyang'ana konkireyo osayamba kulemba.

"Aise, si mayeso awa," anatero wina, anzake n'kuseka pang'ono.

Pamene ndinkayamba, msomali unali ukulowa movutikira. Ndinangokwanitsa kulemba kuti "Bambo". Amayi anawerenga, kenako anatenga msomali uja n'kuubweza kwa kapitawo.