Masamba Atatu Omwe Tinadula

Chitsekereni kampani yathu ndinatumiza makalata ofunsira ntchito khumi ndi awiri, osayankhidwa ndi imodzi yomwe. Zaka 52, mutu uli bwinobwino, koma ntchito yanga n'kumasuzumira pawindo kuona anzanga akuthamangira basi. Zinanditopetsa.

Loweruka lina mng'ono wanga, amene amagwira mu ofesi yolemba anthu ntchito, anabwera ndi laputopu yake n'kukhala patebulo langa ngati dokotala.

"Achemwali, CV ya masamba anayi angawerenge ndani? Ife timangoponya diso patsamba loyamba."

"Ndiye ulesi wanuwo mlandu ukhale wanga?"

Anangoyamba kudula. Satifiketi ya taipilaita inapita. Ya shotihandi inapita. Atafika pa makina a faksi anaseka mpaka kutsokomola. Pa mboni anapeza dzina la bwana wanga woyamba, amene tinawaika kalekale.

"Awa akawaimbira foni kumanda?"

Apo ndinagonja. Koma kenako chala chake chinaima pa zaka 19 zomwe ndinasunga mafayilo kukampani ya inshuwalansi, komwe ndinayamba ndili mtsikana mpaka kukhala mkulu wa chipinda chonse.

"Izi ndiye zikukugwetsani. Akawerengera zakazi akuona gogo. Tisiye zisanu ndi ziwiri zomalizazi, za pakompyuta."

"Iwe, nthawi imene ndinkagwira ntchito imeneyo unali usanadziwe n'kupukuta mamina komwe."

"Ntchito mukuifuna kapena ayi?"

Ndinkaifuna. Anafufuta zaka 19 zija pamodzi ndi chaka changa chobadwa, moyo wanga wonse n'kukwana tsamba limodzi, malo n'kutsalako. Potuluka anandichenjeza kuti akandifunsa zam'mbuyo ndisakayambe mbiri, ndikayankhe mwachidule.

Pasanathe milungu iwiri foni inalira. Kampani ina ya magalimoto onyamula katundu inkafuna kalaliki wa mafayilo. Chinandiwawa n'chakuti mwana uja analondola.

Pa intavyu ndinapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali. Mayi wa magalasi amene anakhala pakati anatembenuza pepala langa, kumbuyo n'kupeza koyera.

"Musanayambe ntchito yalembedwa apayi munkatani, mayi?"

Mayankho anadzaza m'kamwa, koma ndinakumbukira chenjezo lija.

"Ndinkangochita tina ndi tina."

Ananong'onezana. Kenako mayi uja anati malo alipo awiri, a mkulu wa mafayilo ndi a womuthandiza. Malo a mkuluwo ankafuna munthu amene wagwira ntchitoyi zaka zosachepera 15.

"Ndagwira zaka 26," ndinatero, mawu akutuluka mothamanga. "Ndinayendetsapo chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi."

Bambo wakumapeto anakweza nsidze. "Si mwangonena kumene kuti tina ndi tina?"

"Ndinazichotsa kuti pepala lifupike."

"Ife timayendera zomwe munalemba, mayi. Aliyense akamawonjezera zaka pakamwa, tithera kuti?"

Ine, munthu wosanamapo pantchito, kuoneka wabodza pa zinthu zoona! Ndinalakalaka kunyamula chikwama changa n'kumenyetsa chitseko. Koma nditakumbukira kuwawa kwa kukhala pakhomo, ndinati malo a wothandizawo ndawalandira.

Madzulo mng'ono wanga anaimba foni akusangalala. "Mwaona? Ndinakuuzani ine." Ndinamuuza kuti ndili ndi mphika pamoto.

Lolemba ndinakumana ndi bwana wanga watsopano, mayi waulemu wake, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndisanakhale n'komwe pansi ndinaona kuti mafayilo a pashelefu yachiwiri asokonekera manambala, ndipo pofika mwezi wamawa wina adzalira nawo. Iye anatenga kachipangizo koboolera mapepala n'kundisonyeza pang'onopang'ono mmene amapindira pepala pakati kuti mabowo alingane.

"Poyamba zimavuta, mayi, koma musaope. Muzolowera."

"Zikomo, bwana," ndinatero, ndipo ndinapinda pepala mmene anandiphunzitsira.