Mamita Atatu a Kumbuyo kwa Galaja

Pulofesa Lategan wa ku Menlo Park anatha zaka zisanu ndi chimodzi akulemba buku la mmene akuluakulu a ku Ulaya anagawirana mayiko nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Woyamba kumva mutu uliwonse anali a Alufeyo, wosamalira maluwa, amene ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa galaja chifikireni ku Joni mu 1981 kuchokera kumudzi.

"Taganiza, Alfred," ankatero Pulofesa, poti dzina lenilenilo linamukanika kalekale, "munthu kugona m'dziko lako, kudzuka uli m'dziko la eni. Osakufunsa n'komwe!" Misozi inkalengeza ndithu m'maso mwake. A Alufeyo ankangoti, "Eish, bwana," n'kupitiriza kuthirira.

Komatu Pulofesa anali ndi nkhondo yakeyake ndi Mayi Roux a nyumba yoyandikana nayo, yolimbirana malire a mpanda. Moni anatha, panatsala makalata a maloya. Buku litatuluka mu 2003, manyazi anamugwira: wolemba za mtendere angakhale bwanji pachidani? Anaitanira mayi aja pakhonde n'kuyala mapu patebulo. A Alufeyo anabweretsa tiyi ndi mabisiketi, ndipo anaona pensulo ikuyenda. Pulofesa anatenga mtengo wa mapeyala wa kumaso, Mayi Roux anatenga mamita atatu a kumbuyo oti akumbepo dziwe losambiramo. Anagwirana chanza, mpaka kujambulitsa.

M'mamita atatuwo ndi mmene munali kachipinda kaja, ndi mawungu a a Alufeyo omwe. Amati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, koma sanatiuze kuti zikagwirizana zimagona pa udzu womwewo. Zinawapweteka a Alufeyo, chifukwa m'kachipindamo ndi mmene analirira maliro a mayi awo, atalephera kupita kumudzi.

Tsiku loti a Alufeyo asamuke, Pulofesa anabwera ndi buku lija, atalemba dzina lake patsamba loyamba. "Ntchito yako ilipobe, Alfred. Uzingobwera pa taxi."

A Alufeyo analilandira ndi manja awiri n'kuliika pamwamba pa matiresi m'bakkie, kagalimoto konyamula katundu. "Bwana, anthu aja anadzuka m'dziko la eni aja, pambuyo pake anapita kuti?"

Pulofesa anakanda m'mutu. "Funso labwino kwambiri! Ukudziwa, zimenezo sindinazifufuze."

"Mubwere Loweruka ku Nellmapius, kumene ndikusamukirako," anatero a Alufeyo akukwera. "Mudzafufuze."