Mpando wa Amake Mapasa

A Chidindo atapuma pantchito ku positi ofesi, kumene anadinda makalata mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika, anthu ankaganiza kuti ayamba kuweta nkhuku kapena kugona masana ngati anzawo. Iwo anagula njinga yamoto.

Akazi awo, amake mapasa, anali ndi kashopu kochapa ndi kusita zovala kuseri kwa msika. Tsiku limene njingayo inafika anaweruka miyendo itatupa monga mwa masiku onse, poti ntchito ya ayironi munthu sagwira atakhala pansi. Atakankha geti anapeza chinthucho chitaima pakhomo, chitatseka njira yopita kukhitchini. Chinali chofiira ngati chiwindi, chonenepa, chokhala ndi galasi lalitali kutsogolo, mabokosi awiri m'mbali ndi lina lalikulu kumbuyo. Chinkanunkha pulasitiki watsopano. Kanjinga kakale kamene amuna awo ankapitira kuntchito kanali katatsamira kukhoma ngati mwana wamasiye.

"Ndiye imeneyi?" anafunsa amake mapasa.

"Imeneyi. Ya maulendo ataliatali. Ili ndi wailesi. Ili ndi giya yobwerera m'mbuyo."

"Njinga yobwerera m'mbuyo. Bwanji osangogula galimoto, ya denga lake?"

"Galimoto aliyense ali nayo."

"Ife tilibe."

A Chidindo anapukuta thanki ndi mkono wa malaya, kenako anakwera kuti akazi awo aone mmene imawakhalira. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya bakha, ndipo atachotsa sitandi anangotsala akunyang'ama, nsonga za nsapato zikungopsompsona simenti. Amake mapasa anaona zimenezo. Anangopempha kuti chinthucho achisunthe pang'ono kuti adutse ndi chikwama chawo.

Ulendo woyamba sunachedwe kupezeka. Mmodzi mwa mapasa aja, wamkazi, anali atapeza ntchito m'tauni ina yakutali, ndipo ankalimbikira kuti makolo ake akaone kumene akukhala. Amake mapasa anali ataganiza kale za basi, koma amuna awo anati zimenezo ndi zonyozetsa njinga. Anawagulira helemeti, magolovesi ndi jekete lolemera ngati bulangeti lonyowa. Loweruka m'mawa mayiwo anaima pakhomo atavala zonsezi, tsitsi limene anakonzetsa dzulo lake litaphwanyika m'helemetimo, akudzimva ngati munthu wopita kokafula njuchi.

"Pondani apa, mugwire phewa langa, mwendo muponye uko," anatero a Chidindo.

"Ndikagwa mukauze ana anu kuti ndinakana."

Anaponda, n'kuponya mwendo, n'kukhala. Mawu ena amene anali nawo kukamwa anathera pomwepo.

Mpando wakumbuyowo unali wotakasuka, wofewa pamwamba koma wolimba pansi pake, moti munthu sankamira. Bokosi lalikulu lija linali ndi khushoni yotsamira imene inafika ndendende pamene msana wawo unkawawa madzulo alionse. M'mbali munali poika mikono. Mapazi anapeza timatabwa takutitakuti, osati tizitsulo toboola nsapato ngati ta pakanjinga kakale. Kunyumba kwawo amake mapasa analibe mpando wawowawo. Sofa yayikulu inali ya alendo, mpando wa pafupi ndi TV unali wa bambo, ndipo iwo ankadyera pa kasitulu ka pakhomo la khitchini, posavuta kudzukapo wina akafuna mchere. Sankadandaula nazo. Kungoti thupi lawo linali litaiwala kuti likhoza kusungidwa chonchi.

"Muli bwino kumeneko?"

"Tiyeni," anatero iwo. "Tisachedwe."

M'tauni anagwira jekete la amuna awo ndi manja onse awiri, akupemphera chamumtima pa loboti iliyonse, poti njingayo ikaima inkagwedezeka pang'ono a Chidindo akusakasaka nthaka ndi zala zakumapazi. Koma atatuluka m'tauni msewu unawongoka, injini inasiya kubangula n'kuyamba kung'ung'udza ngati firiji, ndipo manja a mayiwo anamasuka okha. Mphepo inkawadutsa pamwamba. Foni inali yotsekeredwa m'bokosi. Panalibe kasitomala wofunsa za suti yake, panalibe woitana. Mahelemetiwo akuti anali ndi zolankhulirana m'kati, koma a Chidindo anali asanadziwe kayatsidwe kake, ndipo akazi awo sanawakumbutse. Anayang'ana minda, mapolo a magetsi, fakitale ya simenti, ng'ombe, mayi wina akuyanika zovala mozondotsa. Kenako sanayang'anenso kanthu. Anadzidzimuka helemeti yawo itagunda ya amuna awo, n'kuzindikira kuti anagona.

Atadzuka m'pamene anaona kuti kutsogoloko zinthu sizinali bwino. A Chidindo ankasendera kumanzere, pakapita kanthawi n'kusendera kumanja. Ankatambasula mwendo umodzi, kuubweza, kutambasula winawo. Nthawi ina anaimirira pang'ono pa zopondera ngati munthu wosuzumira kuseri kwa mpanda. Atawoloka mlatho wina anaima pambali pa msewu.

"Ndione mateyala," anatero.

Mateyala anali bwinobwino. Anawazungulira akuyenda motangadza, dzanja lili m'chiuno, akuyang'ana kumapiri ngati pali chimene anaiwalako. Amake mapasa sanatsike n'komwe. Patsogolo a Chidindo anaimanso kuti aone ngati mabokosi atsekeka. Kenako anaima pomwetsera mafuta, thanki isanafike ndi pakati pomwe, ndipo anakhalitsa kuchimbudzi. Pobwera anagula botolo la madzi n'kumwera chiimire, akukambirana ndi wothira mafuta za ubwino wa njingayo.

"Bwana, iyi ndiye ndege," anatero wothira mafutayo. "Pampando pamenepa munthu ukhoza kufika kumalekezero a dziko."

"Osamva kanthu," anavomera a Chidindo. "Ngati uli pabalaza."

Amake mapasa anatsitsa galasi la helemeti yawo. Ankadziwa mmene ntchafu zimachitira dzanzi, ankadziwanso kuti chishalo chakutsogolocho chinali chachikulu mopitirira msinkhu wa mwini wake, moti chinkawakhadzula miyendo ngati akwera mgolo. Anaganizako zolankhula. Koma anali atakhala nawo m'banja nthawi yokwanira kudziwa kuti a Chidindo ukawauza kuti nsapato ikuwathina amaivala mpaka chala chituluke magazi. Komanso, kunena zoona, iwo sankafuna kuti ulendowo uthe.

Anafika masana dzuwa litapendeka. Mwana wawo ankakhala m'nyumba zosanjikana, ndipo kutsogolo kwa geti kunali kotsetsereka, kwa timiyala. A Chidindo anaimitsa njinga n'kutsitsa mwendo wakumanzere. Mwendowo unali utafa dzanzi, ndipo nthaka inali patali kuposa mmene ankaganizira. Njingayo inayamba kupendekeka pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati ng'ombe yokhuta ikufuna kugona. Inakatsamira pa zitsulo zake zotetezera ndi pa bokosi lam'mbali, injini n'kuzima. A Chidindo anagubuduka n'kukhala pansi m'timiyalamo. Amake mapasa anatsala pampando pawo, chopendekera, mikono idakali pamalo pake.

Mwana wawo anatsika masitepe akuthamanga, akukuwa. Ataona kuti palibe wavulala anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Amayi, tsikanitu!"

"Ndikudikira andiuze. Pokwera anandiuza."

Panafunika mlonda wa pageti, mwanayo ndi bambo wina wodutsa ndi ndowa ya penti kuti njingayo idzuke. Bokosi linali litakalika pang'ono. A Chidindo anapukuta pokalikapo ndi chala chonyowetsa ndi malovu, n'kunena kuti vuto ndi amene anathira timiyala pageti.

M'nyumba munali mipando iwiri yokha, ndipo mwana anapatsa makolo ake. Bambo ake anakana. Anamwa tiyi ataimirira pawindo, akuti akuona tauni, ndipo chakudya chamadzulo anadyanso chiimire, mbale ili pamwamba pa firiji.

"Adadi, mwatani kodi?"

"Ndakhala zaka zonse zija ku positi. Ndatopa nako kukhala."

Mwanayo anayang'ana amake. Amake anapempha mchere, ndipo mwana ndi amene anadzuka kukatenga.

M'mawa mwake a Chidindo ananena kuti poona za dzulo zija, mwina ndi bwino mayi abwerere pa basi, kuopa ngozi. Amake mapasa anali atavala kale helemeti. Ulendo wobwerera unatenga tsiku lonse, poti mateyala anafunika kuonedwa kawirikawiri. Atafika kunyumba, njinga inalowetsedwa m'shedi n'kufundidwa lona, ndipo a Chidindo anagona chafufumimba masiku angapo, akuti ndi mmene madokotala amalangizira anthu opuma pantchito.

Lonayo sinachokepo mwezi wonse. Kokagula buledi ndi kokaona anzawo bambowo ankapita pa kanjinga kakale kaja. Amake mapasa akafunsa za ulendo wina, yankho linkakhala lakuti kukubwera mvula, kapena kuti injini yatsopano imafuna kupuma. Iwo sankatsutsa. Ankangopita kushopu, kuima tsiku lonse, kubwerako.

Lamlungu lina masana kunabwera alendo pa galimoto, bambo wamtali ngati polo wa magetsi ndi mkazi wake. A Chidindo anawalandira mothamanga n'kupita nawo kushedi osadzera m'nyumba. Amake mapasa anapukuta manja n'kuwatsatira. Anapeza lona itachotsedwa, bambo wamtaliyo atakhala pa njinga, mapazi onse awiri ali phwathalala pansi, mawondo opindika bwino. Njingayo inkaoneka ngati inamuyeza ndi tepi.

"Ayi ndithu, yandikwana," anatero mlendoyo. "Nanga mukuigulitsiranji, achikulire, yatsopano chonchi?"

"Mayi akunyumba kuno amaiopa," anatero a Chidindo, osatembenuka.

Mkazi wa mlendoyo anakwera kumbuyo, n'kutsamira. Nkhope yake inasintha. Anasisita poika mikono paja, n'kutsinzina pang'ono. Amake mapasa anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako analankhula ndi mawu amene ankauzira makasitomala kuti banga la bulichi silichoka.

"Pepani alendo, mwavutika ulendo. Njingayi sikugulitsidwa. Tsikani, mayi, mudzamwe tiyi."

Alendowo tiyi anakana mwaulemu. Galimoto itatuluka pageti, a Chidindo anakhala pa ndowa yovundikira m'shedimo n'kuyang'ana pansi.

"Mwandichititsa manyazi, amake mapasa."

"Inu mwandinamizira mantha pamaso pa anthu."

"Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Inu mumagona kumbuyoko. Ine imandipweteka. Imandipweteka matako, ntchafu, chiuno, mpaka m'mano. Ndikafika pa loboti mtima umakhala m'mwamba. Ndinkangoiona pachithunzi zaka zonsezi, ndipo kusitolo ndinangoikhalira ili pa sitandi."

"Ndikudziwa. Ndinaona tisanafike pa mlatho."

"Ndiye osanena?"

"Inu munanena?"

A Chidindo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapezeka ndi nyama m'thumba.

Lolemba amake mapasa ananyamuka ndi chishalo chonsecho chili m'thumba la zochapa. Pafupi ndi shopu yawo panali bambo wina wokonza masofa. Anamuuza kuti achepetse chakutsogolo, asadze siponji m'mbali ndi pamwamba, koma chakumbuyo asachikhudze ngakhale ndi chala. Wokonza masofayo anali asanagwirepo chishalo cha njinga yamoto, ndipo ananena yekha kuti akungoyesa. Anaitanitsa mwini wake kuti adzakhalepo. A Chidindo anapita, n'kukhala pa siponji yosenda itaikidwa pa benchi pakati pa masofa ong'ambika, anthu odutsa akuwayang'ana, mmisiriyo akuwazungulira ndi choko. Ulendo woyamba anasadza pang'ono. Wachiwiri anapitirira muyeso, mpaka anachita kumatanso chidutswa china ndi guluu. Chikopa chitabwezeredwa, msoko wake unali wokhota ndipo ulusi unali wosiyana mtundu. A Chidindo anauyang'ana msokowo, kenako anakabwezera chishalocho pa njinga.

Loweruka lotsatira ananyamuka opanda kolowera kwenikweni. Pa loboti yoyamba theka la phazi la a Chidindo linagwira pansi, ndipo njinga sinagwedezeke. Kusendera kumanzere ndi kumanja kunayambanso, koma mochedwerapo, atadutsa kale minda yambiri. Ataona kuti zafika povuta anaima pa kasitolo kena ka m'mbali mwa msewu, n'kutsika.

"Ndatopa," anatero. "Ndipume kaye."

"Pumani."

Anagula mabisiketi ndi zakumwa ziwiri. Bambowo anayendayenda pansi pa mtengo akuwongola miyendo, mayiwo akudya ali pomwepo. Mwini sitolo anatuluka kudzaona njinga, n'kufunsa kumene akupita. A Chidindo anayang'ana akazi awo.

"Kodi kutsogoloku kuli chiyani?" anafunsa amake mapasa.

"Kuli katauni kena, mayi, koma kulibe chachilendo. Chigayo, sukulu, basi."

"Tikafike kumeneko, kenako tibwerere," anatero iwo. "Ndili ndi makatani a anthu oti ndisite mawa."