Geti la Sukulu ya Luse

Ba Nkole a ku komboni ya George ankaweruza chilichonse poyang'ana geti. Kaya ndi tchalitchi, kaya ndi nyumba ya apongozi, akafika ankayamba agwedeza kaye geti, moni pambuyo. Musawaseke, ndiyo inali ntchito yawo. Ankawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wa ku Lilanda atavala magalasi a dzuwa ogula pamsika, ndipo maso anali atayamba kuchita chifunga.

Mwana anali naye mmodzi, Luse. Mtsikanayu anakulira pakati pa zitsulo, manja onse zipsera za tizimoto. Ankawagwirira ngodya, ndipo akaona kuti mzere wakhota ankangotsokomola, bambo ake n'kuwongola. Koma kasitomala akafunsa kuti makina owotchererawa adzatsala ndi ndani, ba Nkole ankapumira m'mwamba. "Nilibe mwana mwamuna," ankatero, Luse ali pomwepo, chitsulo chili m'manja.

Atakhoza giredi seveni, Luse ananena zakukhosi.

"Batata, nifuna sukulu ya pafupi apa. Kuli wekishopu, baphunzisa kuwotcherera."

"Banyamata baliko?"

"Baliko."

Ba Nkole anapita kukadzionera okha. Anapeza geti litamangidwa ndi waya, likulendewera mbali imodzi, agalu akulowa osawerama n'komwe. Sanalowe. Mawa lake anakwera mabasi awiri kupita kusukulu ya atsikana okhaokha, kuseri kwa tauni. Abale, geti lake! Lakuda, loyenda pa kanjanji, loti ukaligwedeza umagwedezeka ndiwe. Analikankha ndi phewa, kuligogoda, kugwada kuti alione kunsi, mpaka mlonda anatuluka ndi ndodo. Zimene amaphunzitsa mkatimo sanafunse.

"Kansi mwana azaphunzira geti?" akazi awo anawafunsa.

"Bamake Luse, ivi vinthu simuviziba. Pa geti ija mnyamata sangapite."

Luse analira, kenako anavala yunifolomu. Kusukuluko wekishopu kunalibe, kunali khitchini lalikulu la mauvuni. Ankanyamuka mbandakucha, n'kubwera makina atalowa kale m'nyumba. Loweruka kunali maphunziro owonjezera. Panjira ya ku Lilanda panalibenso wotsokomola.

Mageti a ba Nkole anayamba kukhota. Lina mwiniwake anabwera nalo pa wilibala, akuti likatsekeka pamwamba pansi likutseguka. Ba Nkole anati vuto ndi khoma. Kuchipatala anawauza kuti asiye kuyang'ana moto ngati akufuna kudzaona adzukulu, ndipo apo mantha anawagwira ndithu, chifukwa makina aja ndiwo ankadyetsa nyumba yonse.

Tsiku lina anavala jekete la kutchalitchi, osauza munthu, ulendo wa kusukulu ya pafupi ija kukapempha malo a Luse. Atafika anaima. Waya uja kunalibe. Geti latsopano linali chilili, lopakidwa penti, ndipo ataligwedeza silinayankhe. Popeza maso sankawathandiza, anayendetsa chala pamene zitsulo zinalumikizana. Panali posalala ngati msoko wa telala.

"Anapanga ni ndani?" ba Nkole anafunsa mphunzitsi amene ankatuluka. "Mmisiri wa ku Matero?"

"Iyayi, ni bana basu ba wekishopu. Anawotcherera ni Mwiche."

Ba Nkole ankamudziwa Mwiche. Anali mwana wamkazi wa mayi wogulitsa makala kuseri kwa nyumba yawo, mnzake wa Luse, amene kale akamva makina akulira ankathawa atatseka makutu.

Za malo, mphunzitsiyo anapukusa mutu. Kalasi ya wekishopu ana amayambira limodzi chaka choyamba, ndipo Luse anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti amalize. Ba Nkole anathokoza mwaulemu. Potuluka anatseka geti, ndipo linatsekeka pamwamba ndi pansi pomwe.

Madzulo Luse anafika ndi kontena. "Batata, lelo tinaphika masikono. Yanga ndiye yanapambana kilasi yonse. Nanga jekete, munapita kuti?"

"Kukaona geti."

"Ili bwanji?"

"Ili che bwino."

Anawapatsa sikono ndi manja awiri. Polandira, ba Nkole anamugwira dzanja n'kuyendetsapo chala, monga anachitira pa geti lija. Zipsera zonse zinali zitatha. Analuma sikonoyo akufunitsitsa kuti ikhale yosapsa, koma inali yokoma kwambiri.