Munthu wa pa Kona Sikisi

Adadi anakupiza mbendera pa kona sikisi ya bwalo la mpikisano wa magalimoto la Mulga Flat kwa zaka makumi atatu, osalandira ngakhale senti. Malipiro awo anali payi wa nyama wozizira ndi fumbi m'mano. Bwalolo linagulitsidwa, pano pali nyumba zofanana ngati mabokosi a machesi. Kenako sitiroko inawalanda dzanja lamanzere ndi theka la mawu.

Chinatsala ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto, yosewera pa TV. Imatuluka chaka chilichonse mu Seputembala, ndipo Mulga Flat inalimo. Pa kona sikisi opanga gemuwo anaikapo kamunthu ka ovolosi ya olenji, kamimba patsogolo, mbendera m'manja. Adadi ankati ndi iwowo. Sindinkatsutsa, mimbayo inalidi yawo.

M'mawa uliwonse ndinkawakhazika pa chiwongolero cha gemucho pabalaza. Sankapikisana ndi munthu. Ankayendetsa ndi dzanja limodzi mpaka pa kona sikisi, n'kuima pa udzu. Galimoto ikaima, kamunthu kaja kankakupiza mbendera yachikasu. "Ali pantchito," ankatero. Akakaona ankadya. Mashini atawonongeka sabata imodzi chaka chatha, ndinkataya chakudya mbale ndi mbale.

Anthu opanga gemuwa ndimawadziwa ine. Chaka chilichonse amasintha utoto wa magalimoto ndi nambala ya pachikuto, n'kumakuwa pa TV ngati atulukira moto. Yatsopano ikangotuluka, yakale amaitseka komweko kwawo kudzera pa intaneti, chimbale chako n'kusanduka choikapo kapu. Ndiye umagula, ufune usafune. Chaka chino ankalalata kuti, "Mulga Flat yamangidwanso, mwala uliwonse pamalo pake!" Ndinakhulupirira, chitsiru ine. Ndinabweza chimbale chakale kusitolo ya Wozza, n'kutenga chatsopano.

Msewu unali wokongola, zoona. Ngakhale mitengo ya bulugamu inkagwedezeka. Adadi anadutsa kona folo, kona faifi, n'kuima pa udzu. Panalibe munthu. Panali chikwangwani cha magetsi chikuphethira chikasu, pansi pake akutsatsa chakumwa chopatsa mphamvu.

"Wachedwa," anatero Adadi.

Anadikira mpaka tiyi anazizira. Ndinathamangira kwa Wozza nditavala masilipasi.

"Ndibwezere chimbale changa!"

"Tenga, Narelle, chili apo. Koma ukudziwa kale iwe, anazimitsa Lolemba."

"Nanga munthu wa mbendera amupititsa kuti?"

"Munthu uti? Aa, timidoli tija? Anatichotsa m'mabwalo onse. Akuti magetsi ndiye zamakono." Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. "Ndi za adadi ako, Des, eti? Pepa mwanawe. Alembere kalata eni gemuwo, mwina chaka chamawa."

Chaka chamawa! Munthu wosadya angafike chaka chamawa? Ndinalemba ndithu, pa foni pomwepo. Anandiyankha kuti akuthokoza chifukwa cha chikondi changa pa gemu yawo, ndipo ngati ndikufuna ndingagule utoto wapadera wa galimoto. Ndinalira m'galimoto panja pa sitolo, kulira kwenikweni, kwa mamina.

Masiku atatu Adadi anapitabe pa kona sikisi. Ndinkawanamiza kuti munthuyo ali patchuthi. Tositi ya kadzutsa ankangoiyang'ana.

Tsiku lachinayi nditati ndiyatse gemu, anandigwira mkono ndi dzanja labwino lija. Mawu anatuluka movutikira, limodzi limodzi.

"Narelle. Uja sabweranso."

"Abwera, Adadi."

"Usandinamize." Anayang'ana TV yozimayo. "Zaka zonse zija. Bwenzi atangondiuza kuti ndisabwerenso."

Anandipempha kuti ndiwabwezere kuchipinda, ndipo nthawi inali isanakwane naini koloko m'mawa.