Nthiti za Nkhumba ndi Mdala wa Maluwa

"Musazitembenuze msanga, bambo, muziwononga!" anakuwa a Tayi ali pakhomo la khitchini, uku akudziyang'ana pagalasi la zenera.

Dzinali anawapatsa ndi oyandikana nawo nyumba, chifukwa ngakhale potaya zinyalala tayi sinkachoka pakhosi pawo. Kuntchito kwawo kunatseguka mpando wa mkulu wa nthambi, ndipo iwo anaona kuti njira yachidule yokafikira pampandopo inali yodzera m'mimba mwa abwana awo.

Nkhumba yoti aotchere abwanawo anabweretsa ndi bambo awo. Anaiweta okha, ndipo atamva kuti mwana wawo ali ndi mlendo wofunika, anaipha n'kukwera nayo basi mu ndowa yovindikira ndi nsalu. Mkazi wa a Tayi ndiye anadula nthitizo, n'kuzinyika kuyambira dzulo lake m'madzi a mandimu, adyo, jinja, tsabola ndi uchi pang'ono. Tsopano awiriwo anali kuseri kwa nyumba pa mgolo wodulidwa pakati, mkuluyo akuyang'anira nyama pawaya, mayiyo akukupiza makala ndi katoni. Mafuta akadonthera pamoto, utsi unkawalowa m'maso onse awiri. A Tayi sanayandikeko, kuopa kuti shati inganunkhe.

"Bambo," anatero akuyang'ana jekete la mkuluyo lomwe linali lobooka m'zigongono, "mlendo akafika mungokhala konkuno. Kutsogoloku tikhala tikukamba zantchito."

"Palibe kanthu, mwana wanga," anayankha mkuluyo.

Mayi uja anakupiza mwamphamvu mpaka phulusa linauluka.

Abwana anafika dzuwa litapendeka, mimba patsogolo, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. A Tayi anathamangira kugeti akuwerama ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko.

"Paja iwe ndiwe uja wa ku akaunti eti?" anafunsa abwana.

"Wa kumalonda, bwana. Koma ndi chimodzimodzi, bwana."

Mipando yomwe a Tayi anapukuta kuyambira m'mawa abwana sanaiyang'ane n'komwe. Anangotsata fungo mpaka kuseri, n'kuima pamgolo paja akumeza mate.

"Eee, izi ndiye zinthu! Nanga mdalayu ndani?"

A Tayi anakhosomola. Anayang'ana bambo awo, anayang'ana nsapato za abwana.

"Ameneyu amatithandiza za maluwa, bwana."

Pabwalo lonselo duwa linalipo limodzi, louma, m'chitini cha penti. Mkulu uja sanadzutse mutu. Anangotenga chopanira n'kutembenuza nthiti yomwe anali atangoitembenuza kumene.

"Iwe mdala, ndipatse yamafutayo," anatero abwana.

Mkuluyo anaipereka ndi manja awiri. Abwana anadya chiimirire, mafuta akutsetsereka m'chibwano, mafupa akuponya pansi pomwepo. Akanena kanthu a Tayi ankaseka, ngakhale asanamalize kunena.

"Za mpando uja," anatero abwana akutokosa m'mano ndi chikhadabo, "mwana wa mlongo wanga ayamba Lolemba. Udzamuonetse ntchito, wamva? Sadziwa kalikonse."

Nkhope ya a Tayi inagwa, koma mano anatsala panja.

"Nzeru zimenezo, bwana. Magazi atsopano."

"Komanso mdalayu ali ndi dzanja. Loweruka likudzali ndili ndi alendo, undibwereke."

"Vuto palibe, bwana. Ndidzamubweretsa ndekha."

Mayi uja anaika katoni pansi. Anapukuta manja m'chovala chake mosafulumira.

"Sangabwere, bwana," anatero mwaulemu wonse. "Akuyenera kubwerera kwawo. Anasiya akazi awo akudwala mwendo, amayi awo a amuna angawa."

Abwana analeka kutafuna. Anayang'ana mphuno ya mkuluyo, kenaka ya a Tayi. Zinali mphuno za nyumba imodzi. Anaseka mpaka kutsamwa, anadzimenya pachifuwa, n'kusekanso.

"Mdala wa maluwa! Ha! Iwe ndiwe woopsa. Nanga ine ndikadzapuma pantchito udzati ndine mlonda wako?"

Anasankha nthiti zina zitatu, anakulungitsa mu pepala, napita akusekabe. Geti anatsegula yekha.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa abwana!" anakalipa a Tayi galimoto itangochoka.

"Manyazi? Muli nawo inu? Ndimayesa mwawaotchera limodzi ndi nyamayi," anatero mkazi wawo. "Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Inu bambo anu mwawaona kubooka kwa jekete, n'kuwagulitsa. Chikhala munapezapo mpando bwenzi tikuti ndi umbombo. Koma mwawapereka ulere, n'kuwonjezerapo basera ya Loweruka."

"Iwe sudziwa mmene zantchito zimayendera."

"Ndaona lero mmene zimayendera. Zimayenda chokwawa."

"Zisiyeni, mayi," anatero mkulu uja motsitsa mawu. Anali akusamba m'manja pampopi, akutsuka chala chimodzichimodzi. "Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Ndinamulera ndine. Mundipatse ndowa yanga, basi yamadzulo sinapite."

"Bambo, simunamvetse, ine ndimangofuna…"

"Ndamva, bwana," anatero mkuluyo, osamuyang'ana.

Mayi uja analowa m'nyumba. Anatulutsa mufiriji mwendo wa nkhumba womwe unatsala, anaubwezera mu ndowa, anavindikira ndi nsalu ija. Anatenga juzi ndi kachikwama kake, nasenza ndowayo. Podutsa pamgolo anaona nthiti zomaliza zikupsa, zikuda bii. A Tayi anali ataima pomwepo, chopanira chili m'manja, osadziwa pogwira. Mayiyo anangowadutsa.

Anauyamba ulendo wa kusiteji limodzi ndi apongozi awo. Atafika, mkuluyo anangoti, "Amayi ake musawauze. Ndikanena kuti alendo anadya, anakhuta."

Basi inaima. Kondakitala analandira ndowa ija, naikankhira pansi pa mpando, n'kutembenukira kwa mayiyo.

"Angati, mayi?"

Mayi uja anacheukira komwe anachokera. Kautsi kakuda kankakwerabe kuseri kwa denga lawo.

"Awiri," anatero, n'kugwira apongozi awo mkono kuti akwere bwino.