Kadontho kofiira m'mbali mwa tsamba

Sitiroko itawagwira bambo, dzanja lamanja linangoti lende, mawu n'kutsala owerengeka. Anaphunzitsa masamu ku sekondale zaka zambiri, ndipo zonse zinali m'makope asanu ndi anayi. Ankati akadzapuma pantchito adzasindikiza buku. Amayi anandipatsa makopewo m'jumbo. Anati popeza ndinamaliza Fomu 4 ndipo ndikungokhala, ndiwatayipe kuti bambo aone buku lawo maso akadalipo. Ndinangonyamula jumbo.

Pashopu ya fotokope, mwini wake, amene timawatcha a Inki chifukwa cha zala zawo, anandionetsa mapulogalamu awiri. Yoyamba inali yongodina: ukafuna fulakishoni umasankha kabokosi. Inali yachangu, koma timizere tiwiri ta ikwozi tinkangobalalika, kena uku kena uko. Yachiwiri umalemba malamulo odzaza tizizindikiro, ndipo suona kanthu mpaka utailamula kuti isanje tsamba.

"Iyi ndi ya anthu opanda anzawo," anatero a Inki. "Ikukuyenera iweyo."

Ndinasankha yachiwiriyo, chifukwa timizere tija tinkandanda bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga m'makope a bambo. Kuiphunzira kunandidyera milungu iwiri.

Potayipa ndinayamba kupeza zolakwa m'makopemo, pafupifupi tsamba lililonse. Apa mainasi yasowa, apo 6 wasanduka 9. Ndinaganiza kuti matenda anayamba kale ife osadziwa. Sindinamve chisoni, sindinamve chilichonse. Ndinkangokonza mwakachetechete kuti ndiwabisire manyazi.

Loweruka m'mawa ndinawapititsira bambo masamba a kope loyamba. Anali pampando wa pawindo, thaulo paphewa. Anatsatira mizere ndi chala chakumanzere, nagwedeza mutu ataona m'mene ikwozi zandandira. Atafika pansi pa tsamba anabwerera pamwamba. Anayambiranso kachitatu. Kenako analoza kope, ine n'kuwatsegulira. Chala chinaima pa kadontho kofiira m'mbali mwa tsamba, pamzere womwe ndinakonza.

"Msampha," anatero.

Amayi ali pakhomo ndi beseni la zochapa anafotokoza. Bambo ankasiya dala cholakwa chimodzi patsamba, kuti ana asamangokopera ali m'tulo. Wochipeza ankapatsidwa choko n'kukachikonza pabolodi. Kadonthoko kanali kowakumbutsa iwo eni. Ine sindikanadziwa, poti bambo ankakana kuphunzitsa kalasi yomwe muli mwana wawo.

Ndinali nditakonza misampha makumi anayi ndi itatu.

Lolemba a Inki anandifunsa kuti lero tikupanga chiyani. Ndinati ndikubwezeramo zolakwa. Anaseka mpaka kutsokomola, ati anzanga amalipira kuti ziwachokere. Mu pulogalamu ija muli njira yolembera mawu osatuluka papepala. Pamzere uliwonse wa msampha ndinalemba kuti "kadontho", mobisika.

Nditabwera ndi masamba atsopano, bambo anakankhira kope kumbali. Chala chinatsika pang'onopang'ono, chinadutsa pamsampha, chinafika pansi. Panja wina ankakhoma chitsulo. Ndinayang'ana khoma, ndinawerenga ming'alu. Chala chinakweranso, n'kuima pamene mainasi yasowa.

Anagogoda kawiri. Kenako anatambasula dzanja ngati wofuna choko, ndipo ndinawapatsa pensulo.